Mlendo wa m'Nyimbo ya Amayi

Kasetiyo ndikadali nayo. Ndi yakuda, yong'aluka pakona, ndipo kapepala kake kanamatuka kalekale moti palibe dzina la woimba kapena la nyimbo. Wailesi yoti n'kuikamo ndilibe, ndipo ngakhale itapezeka sindikhulupirira kuti ingalire, chifukwa tepi yake inachita nkhungu. Ulendo wina ana anga posesa m'nyumba anafuna kuitaya. Ndinawakalipira mpaka anayang'anana. Sadziwa kuti m'kanthu kameneka muli nyimbo imene inavula amayi anga bulauzi yoyera ya kutchalitchi.

Chinali chaka chimene ndinali mu Sitandade 4. Bambo anali atapita ku Joni mvula isanayambe, choncho pakhomo tinatsala amayi ndi ine, komanso amalume, mlongo wawo wamng'ono wa amayi, amene ankagona m'kanyumba kawo kuseri kwa nkhokwe. Amalume anali munthu wa gitala. Anaipanga okha ndi galoni ya mafuta, thabwa ndi mawaya a mabuleki a njinga. Khasu ankaligwira ngati likuwotcha, koma gitala ankatha kuikumbatira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Mvula ili pakati, amayi anadwala. Tsiku lina m'mawa ndinadzutsidwa ndi mayi wina woyandikana nafe, n'kundikankhira kusukulu ndisanasambe n'komwe. Pakhonde panali akazi angapo, ndipo mmodzi wa iwo, mkazi wa mkulu wa mpingo wathu, anali atagwira khasu. Nditamufunsa mayi wa khasuyo anati, "Amayi ako ali ndi malungo, thamanga uchedwa." Pobwera ndinawapeza amayi ali gone, atayang'ana kukhoma. Patapita masabata anadzuka ataonda, chitenje chikuwazungulira kawiri. Palibe analira, palibe ananena kanthu, ndipo ine za malungozo ndinazikhulupirira.

Kenako mpunga unacha. Amene sanakhaleko ku Domasi nthawi ya masika sangamvetse fungo limenelo. Limakupeza panjira, limakutsatira m'kalasi, limakakamira m'malaya. M'mawa ife ana tinkathamangitsa mpheta m'minda ndi zitini zoikamo timiyala, madzulo tinkasinja. Mtondo wathu unkakhala pansi pa mtengo wa mango. Amayi anali ndi munsi wawo wolemera, ine wanga waung'ono, ndipo tinkalandizana: wawo ukakwera, wanga utsike. Mankhusu ankandiyabwa m'khosi, manja ankatuluka matuza, koma sindinkadandaula chifukwa amayi ankaimba.

Amayi anali ndi mawu. Kutchalitchi chathu chaching'ono cha kumudzi ndiwo ankayambitsa nyimbo, atavala bulauzi yoyera ya gulu la amayi ndi duku loyera, ndipo mpingo wonse unkadikira kuti iwo atsegule pakamwa. Koma za pamtondo zinali zina. Kwathu nyimbo ya pamtondo inali ya mwini wake. Mkazi ankatha kuimba za mwamuna waulesi, za apongozi olongolola, za njala, ndipo palibe ankamufunsa kuti ukunena ndani. Zinkathera pomwepo, mphepo n'kuuluza pamodzi ndi mankhusu. Chaka chimenecho amayi anali ndi nyimbo yatsopano:

Mlendo wanga anafika m'bandakucha,
Wabwerera osamwa madzi.
Mphasa ndinayala, ndaipindanso,
Dzina lake ndasunga pamtima.
Ati ndisalire, ati ndisalire,
Munsi, lira ndiwe.

Ine ndinkavomera mzere womalizawo, "lira ndiwe," n'kugwetsa munsi wanga ndi mphamvu zonse. Ndinkaikonda chifukwa inkagwirizana ndi kasinjidwe. Zoti mlendoyo ndi ndani sizinkandikhudza.

Amalume ndiwo anaitola. Ankakhala pakhonde pawo ngati akukonza mawaya, chonsecho khutu lili kumtondo. Pasanathe sabata anali ataiyika pagitala. Anapita nayo ku Zomba kwa mnzawo wina amene anali ndi wailesi yolowa makaseti awiri, anaijambula, n'kugawira madalaivala a minibasi. Posakhalitsa minibasi ikaima pa siteji ya Naisi, pawindo pankatuluka mawu a amalume akulira mlendo wa amayi. Ndipo m'malo mokhala chete, iwo ankadziguguda pachifuwa: "Mawuwo ndi a achemwali anga, ine ndangoikamo mawaya." Sankafuna zoipa, ndikudziwa. Koma anatenga chinthu cha pansi pa mango n'kukachiyanika pamsewu wa ku Liwonde osapempha, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Apa ndiye aliyense anasanduka katswiri. Aphunzitsi athu anailemba yonse pabolodi, n'kutiuza kuti mlendoyo ndi ufulu umene unafika m'dziko muno anthu akuvina, koma unabwerera osauka asanaulawe. Ankafotokoza thukuta lili kamukamu, choko chili mbuu m'manja. Mnyamata wina atanena kuti mwina mlendoyo ndi munthu chabe, anamuuza kuti mutu wake ndi wongonyamulira madzi. Mayi wogulitsa zitumbuwa pageti ankati ndi nyimbo ya mkazi aliyense amene mwamuna wake amabwera pa Khirisimasi n'kunyamukanso chikwama chisanamasulidwe. Amenewa ndinawakhululukira. Aliyense ankaikamo chake chimene chinkamupweteka, ndipo sanavulaze munthu.

Koma panali amuna ena amene ankaswera pamalo okonzera njinga pa Naisi, opanda chochita kupatula kuwerenga anthu odutsa. Iwowo anakumbukira kuti pali bambo wina wogulitsa matemba, wochokera kunyanja ya Chilwa, amene ankadutsa m'mudzi mwathu m'mamawa n'kutsamiritsa njinga yake pa mango athu. Anali nkhalamba ya mano atatu, yonunkha nsomba kuyambira chipewa mpaka nsapato, ndipo akazi a mudzi wonse ankagula pomwepo. Zimenezo sanaziwerengere. "Mwamuna ali ku Joni, mlendo akufika m'bandakucha, mphasa yayalidwa. Mukufunanso umboni wanji?" Mawu amenewa ndinawamva ndekha kuchigayo, akunenedwa ndi anthu amene anandiona bwinobwino kuti ndaima pomwepo.

Tsiku lina madzulo, tili pamtondo, kunabwera mkulu wa mpingo ndi mkazi wake. Awiriwo anapatsidwa mipando, amayi n'kukhala pansi pamphasa. Palibe anandithamangitsa, mwina ankandiyesa mbali ya mtondo. Mkuluyo anayamba ndi pemphero, kenako anazungulirazungulira mpaka anafika.

"Mayi, nyimbo yanuyi yatipatsa manyazi. Tangotiuzani, mlendo ameneyu ndi ndani?"

Amayi sanayang'ane mkuluyo. Anayang'ana mkazi wake, nthawi yaitali ndithu. Mayiyo anaweramitsa mutu n'kuyamba kutola mankhusu pachitenje chake, limodzilimodzi.

"Amene akumudziwa akumudziwa," anatero amayi.

"Ndiye alipodi? Dzina lake?"

"Sindingamutchule pamaso pa amuna, abambo. Pepani."

Mkuluyo anapukusa mutu ngati wagwira mbava ndi nkhuku m'manja. Anati mpaka nkhaniyi itaoneka bwino, amayi aimitsidwa mgonero, bulauzi yoyera aisunge m'sutikesi, ndipo nyimbo ayambitsa ena. Mkazi wake sanatsegule pakamwa kuyambira pofika mpaka potsanzika.

Lamulungu lotsatira amayi anavala diresi wamba n'kukhala pabenchi ya kumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamene pamakhala ochedwa. Mayi amene anapatsidwa udindo woyambitsa nyimbo anaitengera kumwamba kwambiri moti pofika vesi yachiwiri amuna onse anali atagonja. Ine ndinaseka, amayi ananditsina. Nthawi ya mgonero itakwana anatuluka, ndipo makosi onse anatembenuka kuwaperekeza. Ndinawatsatira. Tinakhala pamwala kunja, dzuwa likutiwotcha, tikumva tizikho tikugundana m'kati. Ndinakwiya kwambiri tsiku limenelo, ngakhale sindinkadziwa kuti ndikwiyire ndani.

Amalume anayesa kukonza zimene anawononga. Anayenda pa siteji kupempha makaseti awo, koma madalaivala anali atajambulirana kale. Anayamba kunena kuti nyimboyo anapeka okha, koma ndani akanawamvera, poti anali atalengeza okha msewu wonse? Pomaliza anabwera kudzanjuta pafupi ndi mtondo, chipewa chili m'manja.

"Achemwali, tangondiuzani tanthauzo lake, ndikawatseke pakamwa anthuwa."

"Mwaimba kale, achimwene. Musafunenso kuimasulira."

Kaseti imene ndili nayoyi ndi imene amalume anaitaya kudzala tsiku limenelo. Ndinaitola n'kuibisa m'chikwama cha mabuku.

Patapita miyezi, nkhani itazizira yokha, mpingo unawabwezera amayi pa mgonero. Palibe anapepesa. Bulauzi anaivalanso, koma kuyambitsa nyimbo anakana, ndipo pamtondo sanaimbenso. Mpunga wotsala tinausinja chamumtima, minsi yokha ikulankhula.

Tanthauzo la nyimboyo ndinalimva ndili wamkulu kale, amayi atamwalira. Ndinali ndi pakati poyamba, ndipo akazi achikulire anabwera kudzandilangiza monga mwa mwambo. Pakati pawo panali mkazi wa mkulu wa mpingo uja, tsopano wa imvi ndi ndodo. Iyeyo ndiye anandiuza kuti mwana akabadwa wakufa amatchedwa mtayo. Amakamuika akazi okhaokha, msangamsanga, kumphepete kwa manda. Salira maliro, satchula dzina, sakamba pamaso pa amuna, kuopa kuti mayiyo angatseke mimba. Kenako anawonjezera, ngati akundiyamikirira: "Amayi ako anapirira bwino. Kanali kamnyamata, kanabwera mimba isanaonekere n'komwe. Ndinakumba ndine."

Ndinamuyang'ana mayi ameneyo mpaka anayang'ana kumbali. Anakumba yekha. Anamunyamula m'manja mlendo uja. Ndipo anakhala pampando pansi pa mango athu, akutola mankhusu, mwamuna wake akuwapanga amayi anga kukhala wachiwerewere. Akazi onse amene anali pakhonde m'mawa uja ankadziwa, ndipo onse ankakhala kutsogolo ndi mabulauzi awo oyera, amayi ali kuchitseko. Akanatha kunong'oneza amuna awo mawu awiri okha. Anasankha kusunga mwambo, munthu n'kumutaya. Ena amati ndisamawaweruze, nawonso ankaopa. Mwina. Koma mwambo womwewo umati za pamtondo safunsa, ndipo umenewo palibe anauteteza.

Masiku ano ndikamva achinyamata akukangana pa foni kuti woimba wakutiwakuti ankatanthauza chiyani, aliyense akulumbira kuti iye ndiye wamvetsa, ndimangodzuka n'kuchokapo. Nyimbo ukaikonda, itenge, ulirire nayo zako. Koma usaloze nayo chala pakhomo pa mwini wake, chifukwa sudziwa chimene anakwirira.

Chokumbukira changa chomaliza cha masika amenewo ndi cha tsiku lina tikuchokera kotola nkhuni m'munsi mwa phiri. Amayi anasiya njira yathu ya masiku onse n'kudzera kumphepete kwa manda, kumene ana sitinkaloledwa. Pafupi ndi chulu china anatula mtolo wawo. Anagwada n'kuyamba kuzula udzu pa kamalo kakang'ono, kosaposa lichero, n'kusalaza dothi lake ndi chikhatho. Sankaimba, koma ndinkamva kanyimbo kaja kakuyenda pakhosi pawo, milomo ili yotseka. Ine ndinali ndi njala, nkhuni zikundilemera, ndipo ndinkadabwa kuti munthu angapalire bwanji pamalo popanda mbewu.

"Amayi, mwadzalapo chiyani pamenepo?"

"Palibe chimene chimere, mwanangu. Tiye."

Ndinawathandiza kusenza mtolo wawo. Pochoka, poti nyimboyo inali itandilowa, ndinavomera mokweza monga ndinkachitira pamtondo, "lira ndiwe." Amayi anaima, nkhuni zili pamutu, nsana uli kwa ine, mapewa akugwedezeka. Ndinaganiza kuti ndawaseketsa, ndipo ndinakondwa njira yonse mpaka kunyumba.