Ng'ombe ya Ulusi Yokhala ndi Matumbo

Dzina langa ndine Heber Techera, koma mukafika kuno ku Paysandú n'kufunsa dzina limeneli, anthu adzangoyang'anizana. Funsani za Gordo wa butchala, akulozerani nyumba ya chitseko chobiriwira kuseri kwa msika. Butchalayo inatsekedwa kalekale, pano amametamo agalu a anthu olemera, koma mimba imene inandipatsa dzinalo, lotanthauza wonenepa, ikadalipo ndipo ikuchita bwino.

Ndinagwira mpeni ndisanamere ndevu. Bambo anga anali ogulitsa nyama, ndipo sukulu itaona kuti ine ndi masamu sitidzamvana, inandibweza kwa iwo mwaulemu. Moyo wanga wonse ndinathera kuseri kwa tebulo la mwala, epuloni yamagazi pamimba, ndudu pakamwa. Ng'ombe ndinkaidziwa kuposa mmene ndinkadziwira ana anga. Mukanandimanga m'maso n'kundigwiritsa nthuli, ndikanakuuzani pamene yadulidwa komanso ngati mwini wake ankadya msipu wa kumtunda kapena wa kudambo. Pa zina zonse za m'dziko muno ndinali mbuli yosadandaula.

Mkazi wanga Nibia ndinakumana naye pantchito pomwepo. Anabwera kudzagula nthiti, n'kundiuza pamaso pa bambo anga kuti ndadula mokhota. Palibe amene anali atandiuzapo zotere. Ndinamukwatira kuti ndimutsimikizire kuti analakwitsa, ndipo mlanduwo mpaka lero sunagamulidwe.

Iyeyu ndi woluka. Anayamba ndi masokosi a ana athu awiri, ndipo anawo atakula anatembenukira ku tizidole: tiagalu, tinkhosa, tiakadzidzi, ndi tiakapincho, ntchenzi zikuluzikulu za kumtsinje kwathu zija. Zida zake zinali singano imodzi yokhala ndi kambedza kunsonga, mpira wa ulusi pamwendo, ndi thumba la thonje lopakira m'kati. Lamlungu lililonse ankayala tebulo lake pamsika wa pabwalo, ndipo ana ankamudziwa kuposa meya.

Zanga zonse zinagwa m'chaka chimodzi. Maondo anayamba kukana. Kumsewu waukulu kunatsegulidwa sitolo yogulitsa nyama yokulunga m'mapulasitiki. Kenaka dokotala, kamtsikana ka msinkhu wa mwana wanga, anamvetsera pachifuwa panga n'kunena kuti ine ndi fodya ukwati watha. Ndinapezeka pakhomo ndi manja awiri onga mafosholo, opanda chogwira.

Mwamuna wopuma ntchito ndi mliri. Ndinanola mipeni yonse ya m'nyumba mpaka ina inatsala ngati mawaya. Ndinakonza mpopi umene unalibe vuto, ndipo unayamba kudontha. Zokonza zitatha ndinakoka mpando, n'kukhala moyang'anizana ndi Nibia, chikho cha tiyi wathu wa yeriba m'manja, n'kuyamba kupereka malangizo.

"Ng'ombe imeneyo mwendo wakumbuyo wapindikira kolakwika."

"Ndi chidole, madala."

"Chidole kaya si chidole, ng'ombe yotere singaime. Nanga chidale chili kuti? Nthiti zili kuti? Akanandibweretsera kubutchala ndikanaibweza."

"Mwana wa zaka ziwiri alibe nazo ntchito nthiti. Amafuna khutu loti aziluma."

"Ine ndikungothandiza."

"Pitani mukathandize kumeta agalu. Malowo mukuwadziwa."

Mu Julayi, chisanu chili pachimake, Nibia anaterereka pakhonde akuanula zovala, n'kuthyoka mkono wamanja cha kudzanja. Anabwera kuchokera kuchipatala ndi chikhakha chofika m'chigongono. Tsiku la Ana la mu Ogasiti linali pafupi, nthawi imene tebulo lake limayera msanga, ndipo amayi ambiri anali ataitanitsa kale zidole. Ululu sanaudandaule. Koma masana ena ndinamupeza atakhala ndi dengu la tinyama tosatha, tina topanda mitu, tina topanda miyendo, akuyesa kugwira singano ndi dzanja lamanzere. Inkangogwa. Ankaitola n'kuyesanso.

"Bweretsani kuno," ndinatero. "Munthu wosenda ng'ombe zosawerengeka angalephere kaulusi?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumanja mpaka kumimba.

"Kasambeni m'manja kaye."

Singanoyo inasowa pakati pa zala zanga. Kanyama kamayamba ndi kamphete ka mfundo zochepa, ndiye umazungulira ukuwonjezera, kuzunguliranso, mpaka mutu utaoneka. Nibia ankachita zimenezi akuonera nkhani pa kanema kwinaku akukalipira mphaka. Ine ndinkatuluka thukuta m'nyengo yachisanu, lilime lili panja. Ulusi ndinkaukoka ngati ndikumanga soseji, ndipo mfundo zinkalimba mpaka singano osalowanso.

"Masulani," ankatero.

"Ndaluka m'mawa wonse."

"Mwaluka mwala. Mwana akagenda nawo mnzake tikayankha kupolisi. Masulani."

Ndinamasula zambiri kuposa zimene ndinaluka. Chinthu choyamba kutha chinali nkhosa. Mwana wathu Silvana atabwera kudzazonda mayi ake anainyamula, kuitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa mwaulemu chifukwa chake mayi ayamba kuluka mbatata.

"Ndi nkhosa, ndipo ndaluka ine," ndinamuuza. "Sukuona miyendo?"

"Pepani ababa. Ndimayesa yamera."

Komabe zala zimamva zikamenyedwa mokwanira. Patapita masabata ochepa mfundo zanga zinayamba kufanana, ndipo tinyama ta m'dengu tija tinalandira mitu ndi miyendo. Nibia ankayang'ana chilichonse pafupi ndi windo, ndipo akapanda kunena kanthu ndinkadziwa kuti ndakhoza. Apa ndi pomwe matama anga, amene anali atagona, anadzuka. Ndinaganiza zoonetsa mzinda wonse mmene ng'ombe imakhalira.

Ndinailukira kushedi, masana Nibia akamagona. Miyendo inapindikira koyenera. Inali ndi chidale, bere la nsonga zinayi, ndi mchira wa ngayaye. Kunsi kwa mimba ndinasokako mabatani, ndipo ukamasula unkapeza zonse zili m'malo mwake: mtima wofiira, mapapo apinki, chiwindi chofiirira, chifu, ndi matumbo aatali opindidwa bwinobwino. Matumbowo okha ananditengera masiku. Nditamaliza ndinaiyang'ana, misozi ili pafupi. Ndinalakalaka bambo anga akanakhala moyo.

Lamlungu loyandikira Tsiku la Ana ndinanyamulira Nibia tebulo kupita kumsika, ndipo iye atatembenuka kupereka moni kwa mayi wogulitsa tchizi, ndinaika ng'ombe yanga pakatikati.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa.

"Ng'ombe yeniyeni. Muone mmene anthu ailimbiranire."

Woyamba kuima anali mayi wina wovala chikhoti chodula, atagwira kamtsikana kake padzanja. Kamwanako kanaloza ng'ombe. Ine ndinawerama monyadira, kumasula mabatani, n'kuyamba kusolola matumbo pang'onopang'ono ngati wamatsenga. Mayiyo anagwira pakamwa.

"Don Heber, mwanayu kuti adye nyama timachita kumunyengerera. Mukufuna aisiyiretu?"

Koma kamtsikanako kanali kataseka kale. Kanalanda matumbowo, kuwakulunga m'khosi ngati mkanda, chiwindi m'dzanja lina, ndipo kanakana kusiya. Mayiyo anagula akundiyang'ana ngati ndamuthira matope. Ine ndinayenda mozungulira tebulo, chifuwa patsogolo, tsiku lonse.

Lamlungu lotsatira mayi uja anabweranso ndi thumba. Anakhuthulira patebulo pathu chimbalangondo, nyani, hatchi ndi pilo mmodzi, zonse zong'ambidwa pamimba. Mwana anatenga lumo la mayi ake n'kuyendera nyumba yonse kufunafuna ziwindi. Mphaka anapulumuka chifukwa chothamanga. Nibia anapepesa, analonjeza kuti zonse zisokedwa, ndipo osoka ake ndinali ine. Mayiyo atachoka anandiuza motsitsa mawu, akumwetulira anthu odutsa:

"Patebulo panga sipadzatumbulidwanso nyama. Mwamva, madala?"

Ndinamva.

Panali vuto lina limene ngakhale kumasula sikunalithetse: nkhope. Nibia akasoka maso ndi kakamwa, kanyama kamaoneka ngati kangodzuka kumene ndipo kasangalala kukuona. Ine ndi mikanda yomweyo, ulusi womwewo, malo omwewo, nyama imatuluka ngati yamva lole ya kophera ikubwerera chambuyo pachipata. Ndinayesa kutalikitsa maso, kuwayandikitsa, kukweza milomo. Nkhumba ina inafika pooneka ngati ikupempha loya.

"Si vuto la singano," anatero Nibia. "Nyamazi zimakudziwani."

Chikhakha chitachotsedwa, dzanja lake silinabwerere mwakale. Akaluka pang'ono limatupa, zala n'kuuma. Anayesetsa miyezi ingapo, kenaka tsiku lina anangokankhira dengu la ulusi kumapazi kwanga, iye n'kutsala ndi kabokosi ka mikanda ndi ulusi wakuda. Sitinakambirane. Kuyambira pamenepo ine ndimaluka matupi, iye amasoka nkhope. Kumsika anthu amati, "Doña Nibia, manja anu sakalamba," iye n'kuthokoza, ine ndili kumbuyo kwake ndikuthira madzi otentha m'chikho ngati mlonda wa tebulo.

Anzanga ndinawabisira mmene ndikanathera. Lachinayi lililonse masana timasewera makhadi kukalabu ya mpira, ndipo wamkamwa kwambiri pagulupo ndi Aníbal, amene anayendetsa mathiraki mpaka msana unapindika ngati mpando wake. Ntchito yanga ndinkainyamula m'thumba la jekete kuti ndiziluka m'basi, nditabisa ndi nyuzipepala. Tsiku lina kaulusi kapinki kanasuzumira. Aníbal anakagwira n'kuyamba kukoka. Anakoka, kukoka, akukulunga pachala, mpaka theka la nkhumba linatha.

"Gordo," anatero mosaseka, "ukumasukatu iwe."

Chotsala cha nkhumbacho chinagwera patebulo pakati pa makhadi, singano ili chibayire. Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala Doña Gorda, ndiye kuti Mayi Onenepa. Ankandikokera mpando ndikamalowa. Wina anabweretsa masokosi obooka, wina anafunsa ngati ndingamulukire mpongozi womvera. Nditaona kuti chobisa chatha, ndinayamba kulukira pomwepo podikira kuti agawe makhadi. Ndipo taonani, munthu amene akuwerenga mfundo mumtima nkhope yake siulula kanthu. Ine amene moyo wonse makhadi abwino ankaonekera pa nsidze zanga ndinayamba kupambana. Anati singanoyo ili ndi mankhwala, ndipo anafuna kuiletsa.

Chilimwe chitadutsa, Aníbal anajomba Lachinayi kangapo. Tinamva kuti galu wake Mariscal wafa. Galuyo anayenda naye m'thiraki zaka zambiri, ndipo chimwalirire mkazi wake ndi amene ankamva nkhani zake zonse. 

Loweruka lina m'mawa ndinamuona ataima pachipata chathu, chipewa m'manja. Anakamba za mvula. Anakamba za timu yathu, kuti goloboyi ali ndi manja a batala. Anafunsa za maondo anga, chinthu chimene chibadwire sanafunsepo. Kenaka anatulutsa chithunzi cha Mariscal chopindika m'makona.

"Ndi za mdzukulu," anatero, akuyang'ana kumsewu. "Ngati uli ndi mpata."

Mdzukulu wa Aníbal ndi bambo wa ndevu zake, amagwira ntchito kudoko ku Montevideo. Ndinalandira chithunzicho.

Galu ameneyo ndinamuluka ndi mtima wonse. Ndinasakaniza ulusi wofiirira ndi wotuwa kuti ubweya uoneke waukalamba. Khutu lamanzere ndinalisiya long'ambika, mwendo wakumbuyo wopendekera kunja monga ankayendera. Aka kanali koyamba kuti Nibia asatsutse za mwendo. Nkhope anaisoka yekha, tsiku lonse, akupumitsa dzanja m'madzi ofunda, ndipo itatha galuyo anatiyang'ana ngati akudikira kuti wina agwetse fupa.

Aníbal anabwera Lamlungu titaweruka kumsika, nyama ili pamakala kuseri. Anamunyamula ndi manja awiri, kumuyang'ana kumaso, n'kumutembenuza. Ine ndinakonza pakhosi kudikira chiyamiko.

"Mchira watalika," anatero. "Pachithunzi sukuoneka. Unadulidwa ndi chitseko cha thiraki ku Salto, kanangotsala kachitsa."

Nibia anati amusiye, timasule bwinobwino, adzamutenge mkati mwa sabata. Ine ndinaona kuti munthu wadikira mokwanira. Ndinatenga galuyo, kumugoneka pathabwa lodulira nyama, n'kufunsa Aníbal kuti aloze malo ake. Analoza. Ndinatsitsa mpeni kamodzi, mowongoka bwino.

Thonje linatumphuka. Ulusi unayamba kumasuka wokha kulowera kumsana, ndipo Nibia anandilanda galuyo akunditchula mayina amene sindinawamvepo chikwatirane, n'kuthamangira singano kuti apulumutse matako. Aníbal anaseka mpaka anakhala pansi pa sitepe. Anapukuta m'maso ndi chipewa, ndipo kuseka kutatha anapitirizabe kupukuta. Ine ndinapita kukatembenuza nyama, ngakhale inali isanafike potembenuza.

Anadya nafe, anadandaula kuti mchere wachepa, ndipo anapita kwawo galu ali m'thumba la jekete, mutu uli panja.