Mlandu wa Ma A-level Anga Unapita kwa Amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pamene mutu wanga unasanduka katundu wa banja lonse. Kusukulu kwathu ku Romford, ku England, anatiuza kuti tisankhe maphunziro atatu a A-level, omwe mayeso ake ndiwo amalowetsa munthu ku yunivesite. Anzanga achizungu anasankhira m'basi, akudya tchipisi. Ine ndinapita nayo nkhaniyo kunyumba, chifukwa dziko ndinali ndisanalidziwe.

Amayi anga, namwino wa pachipatala, anali atandisankhira kale ndisanabadwe: Bayoloje, Kemisitiri ndi Masamu, kuti ndidzakhale dokotala. Ine ndinkafuna Zisudzo. Nditatchula mawuwo, anasiya kudula anyezi n'kuyang'ana kudenga, kufunsa Mulungu chimene anamulakwira. Ndinathawira kwa abambo. Iwo anati, "Ine ndine mkamwini chabe, ana ndi a kuchikazi," n'kukweza mpira pa TV. Ukamwini wawo ankaukumbukira pa nkhani zovuta zokha.

Patapita masiku osalankhulana, amayi analengeza kuti nkhaniyi ipita kwa mwini mbumba. Kwathu ku Dedza, woweruza za mwana ndi amalume ake. Koma ku England kuno tinali ndi amalume amodzi okha, a Fred a ku Barking, mlongo wa amayi womaliza kubadwa. Amayi anawabereka kumbuyo ali khanda, ndipo ankawakalipirabe za ndevu. Amalumewo ankaopa mlongo wawoyo kuposa chisanu.

Anabwera Lamulungu titaweruka kutchalitchi, atavala suti yamanja aafupi, akununkha pefyumu wokwanira sitima yonse. Amayi anagwada pa kapeti n'kunena, "Takulandirani, achimwene." Amalume anacheuka kuti aone amene akunenedwa.

Amayi anayamba. Anafotokoza za miyendo yawo yotupa ndi ntchito, za mwana wa anzawo ku Lewisham amene tsopano amang'amba anthu m'chipatala, ndi za ine, amene ndikufuna kukang'amba nsalu pa siteji. Ine ndinayankha m'Chingerezi.

"Iwe Tadala," anatero amalume ndi mawu obwereka, "zisudzozo tazionetse pano."

Ndinalibe chimene ndinakonzekera. Ndinangochita chimene ndinkachidziwa bwino: amayi akuimba foni ku Malawi. Ndinagwira rimoti kukhutu, dzanja lina m'chiuno, n'kukuwa ngati mawu akuyenda wapansi mpaka ku Dedza: "Halo! Mukundimva? Ndati mbuzi ija musagulitse!" Abambo anabisa nkhope m'khushoni. Milomo ya amayi inanjenjemera, ndipo sindinadziwe ngati kukubwera kuseka kapena maliro anga.

Amalume anatsokomola. "Alongo, maphunziro awiri akhale anu, limodzi la mwanayu. Masamu achoke." Atatero anayang'ana chitseko, kuyeza mtunda.

Kenako amayi anaomba m'manja mwaulemu. "Mwini mbumba wanena. Ine ndine yani?" Anadzuka, n'kukutumula chitenje. "Iwe Fred, vula jeketelo ukatsuke mbale."

Mayeso atatuluka, Bayoloje ndi Kemisitiri ndinakhoza mongopempha, Zisudzo ndinakhoza mochititsa manyazi adani. Ndinalowa yunivesite kukaphunzira za mankhwala, ndipo m'chaka chachiwiri ine ndi yunivesiteyo tinasiyana mwamtendere, popanda ankhoswe. Lero ndimayatsa magetsi m'nyumba yaing'ono ya zisudzo, nthawi zina amandipatsa mawu awiri oti ndinene. Amayi amakhala mpando wakutsogolo, n'kumauza oyandikana nawo kuti uyo ndi mwana wawo, akanakhala dokotala.

Chaka chatha, pa ukwati wina, ndinathokoza amalume chifukwa cha kulimba mtima kwawo. Anatsamwa ndi fanta. "Kulimba mtima kwa ndani? Mayi ako anandiimbira Loweruka, ndisanabwere kudzaweruza mlandu uja. Anati, 'Umupatse phunziro limodzi mwanayo, wandiwondera. Koma ukadzaulula, ndidzakuthyola miyendo.'" Anayang'ana uku ndi uku, n'kusuntha mpando.

Tsopano ndikumvetsa. Amayi anga sangauze mwana wobala okha kuti wapambana; pakamwa pawo sipanapangidwire mawu amenewo. Choncho anaitanitsa bwalo lonse, n'kugwadira mwana amene anamusambitsa, kuti agonje mwaulemu ine ndipeze changa. Sindinawauze kuti ndikudziwa. Amalume miyendo akuifunabe.