Mbuzi ya Mwendo wa Yohane

Mboni zanga ndi mkazi wanga Nambewe ndi a Jafali ogulitsa nyama pa Golomoti. Yachitatu ikanakhala mbuzi, koma a Jafaliwo anaizinga.

Yohane, mwana wa mlongo wanga, anagundidwa ndi minibasi ali wamng'ono n'kulumala mwendo, ndipo ndinagulitsa mbuziyo kuti tilipire kuchipatala. Ndalama za chipukuta misozi zinamudikira kubanki mpaka atakula. Tsiku limene zinatuluka, abale anadzaza pakhomo mpaka agalu anasowa pogona. Ndikulumbira. Ine monga malume ndinawabalalitsa onse. Ndinati ndalamazi ndi za makina osokera basi, mwanayu sangalime ndi mwendo umenewu.

Koma pochokera kogula makinawo ndinayamba kutsokomola.

"Mphwanga, mbuzi yanga ija ukuikumbukira? Inali ngati ng'ombe yapangolo. Ikayetsemula nkhuku zinkagwa."

"Chaka chatha munati inali ngati thole, amalume."

"Ikukulabe."

Kunena zoona, kanali kambuzi kowonda, ndipo kanali ka mayi ake a Yohane omwe. Ine ndinangokakoka pachingwe mpaka kwa a Jafali.

Yohane sanandipatse kalikonse pa zotsalazo, monga ndinamuphunzitsira ndekha. Anakhala pakhonde la sitolo n'kumasoka mayunifolomu. Sukulu zitatsegulira anabwera kwathu akutsimphina, n'kundipatsa ndalama za thukuta lake ndi manja awiri.

"Amayi akuti mbuzi inali yawo. Izi ndi zolipirira chingwe, amalume."

Ndinalandira. Chingwecho, afunseni a Jafali, chinali chachitali kuchokera pa Golomoti mpaka ku Mtakataka.