Pepala la m'chipewa cha a Zuze

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaonera kanema koyamba, ndipo pasanathe masiku atatu ndinatsala pang'ono kubwezetsa munthu wosalakwa ku nkhondo imene anaithawa.

Tinkakhala pa esiteti ya tiyi, chakummawa kwa Mulanje, kumene abambo anga anali kapitawo. Galimoto la kanema linkabwera mwa apo ndi apo, Loweruka masana anthu ataweruka. Ankatseka mazenera a shedi ya feteleza ndi masaka, n'kupachika nsalu yoyera pakhoma. Tinakhala pansi mothithikana, maso akuyabwa ndi fungo la feteleza, thukuta lili kamukamu. Kanemayo anali wa zithunzi zakuda ndi zoyera, m'Chingerezi chimene ambiri sitinkamva. Munali bambo wina wofatsa amene ankagona m'nyumba ya alendo. Munthu akafa m'nyumbamo, bamboyo ankadzitsekera m'chipinda, n'kutulutsa pepala, n'kulembapo kenakake. Zimene ankalembazo sankationetsa. Atafa munthu wachitatu, injini ya magetsi inatsokomola kawiri n'kuzima. Eni ake anakoka chingwe mpaka mikono kuwawa, kenako anapakira katundu wawo, ulendo. Mathero a kanemayo sindinawaone mpaka lero, koma tsikulo ndinatuluka m'shedi ndilibe chikayiko chilichonse: wopha anthu anali wa pepala uja.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali kakhitchini, ndipo mmenemo munkagona a Zuze. Anali atabwera miyezi ingapo m'mbuyomo kuchokera ku Mozambiki, nthawi imene anthu akumeneko ankamenyana ndi Apwitikizi. Ambiri pa laini yathu, mzere wa nyumba za kampani, makolo awo anachokera komweko ndipo Chilomwe chinkamveka m'nyumba iliyonse, choncho othawa nkhondo sankasowa pofikira. Abambo anawapezera a Zuze ntchito yopalira tiyi. Komabe kunali mantha. Akuluakulu akazungulira wailesi ya abambo kumva za nkhondoyo, ankanong'onezana kuti pakati pa othawawo pamalowa akazitape a Apwitikizi.

A Zuze sankayankhulayankhula. Lamlungu lililonse ankayenda wapansi mpaka ku Limbuli, kumene obwera kumene ankafikira, ndipo ndinkamva kuti kumeneko amangofunsa anthu mayina. Akabwerako ankakhala kuseri kwa khitchini, n'kuvula chipewa, n'kusolola pepala m'kati mwake, n'kulembapo ndi kapensulo kotsala ngati chala cha mwana. Ndinali nditawaona kambiri osaganizapo kanthu. Lamlungu lotsatana ndi kanema uja nditawaona, ndinakumbukira bambo wa pepala uja.

Lolemba madzulo anapita kukasamba kumtsinje, chipewa n'kusiya pamwala. Ndinakwawa m'tchire, ndinasolola pepalalo. Panali mayina ambirimbiri, mawu ena achilendo pamwamba, ndipo pambali pa mayina ena panali timitanda. Ndinalipinda, kulifumbata m'manja, n'kuliyatsa liwiro. Ndikanapita nalo kwa abambo molunjika bwenzi zinthu zitayenda mwina. Koma ndinayamba ndaonetsa anzanga pampopi, ndipo pamene ndinkafika pakhomo, laini yonse inali itamva kale kuti mlendo wa a Kapitawo ali ndi mndandanda wa anthu oti aphedwe, ena aphedwa kale.

Anthu anadzaza pabwalo pathu. Amene ankatsogolera anali a Namaona, mlonda wa kufakitale, munthu wamawu aakulu.

“A Kapitawo,” iwo anatero, “mlendo wanuyu tipite naye kuboma lero lomwe. Apolisi akamufunse okha. Ifetu tili ndi ana pano.”

Aliyense ankadziwa tanthauzo lake. Munthu wotere akafika kupolisi ndi mbiri yaukazitape, ankangomuolotsa malire kubwerera kumene anachokera.

Abambo analandira pepalalo, analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa ine.

“Iwe, waliwerenga?”

“Ndaona mitanda, ababa.”

“Sindinafunse zimene waona. Pamwambapa alemba chiyani?”

Kenako anatembenukira kwa mlonda uja.

“A Namaona, inuyo tatiwerengereni.”

“Ine?” a Namaona anabwerera m'mbuyo. “Chipwitikizi ndinachiphunzira kuti? Chichewa chomwe amandiwerengera ndi adzukulu.”

Ena anaseka, koma abambo sanaseke. “Ndiye kuti pano palibe waliwerenga, koma munthu tamumanga kale. Tidikire mwini wake.”

A Zuze anatulukira madzi akuchuchabe m'tsitsi, chipewa chili m'manja, miyendo ili matope okhaokha chifukwa anali akufunafuna m'mphepete mwa mtsinje. Ataona chimene abambo anagwira anafuula kuti, “Papelo yanga!” Ndi mmene ankatchulira pepala. Abambo anawapempha mwaulemu kuti awerenge mokweza, onse amve.

Mawu a pamwamba aja ankati: anthu a m'mudzi mwathu. Asilikali atatentha mudziwo, anthu anabalalika usiku umodzi, ndipo a Zuze, amene anaphunzirako pang'ono kwa ansembe, analemba dzina la aliyense amene ankamukumbukira. Mtanda unali wa amene anawaika m'manda ndi manja awo, kapena amene anamva motsimikiza kuti anafa. Dzina lozungulizidwa linali la amene anamupeza wamoyo. Otsalawo ndiwo ankawafunsa ku Limbuli.

Anayamba kutchula mmodzimmodzi, m'Chichewa chawo chopendekera ku Chilomwe. Atafika pa dzina lina, mayi wina wothyola tiyi anadula mawu: “Tabwerezani limenelo! Wamtali, wa dzino lothyoka? Ameneyotu amakonza njinga pa Chitakale!” Anali mlamu wa a Zuze. Iwo anapempha pensulo, n'kuzunguliza dzinalo tonse tikuona. Pa mayina awiri opanda chizindikiro anaima osapitiriza msanga. Anali akazi awo ndi mwana wawo wamkazi.

Anthu anachoka mmodzimmodzi osatsanzika. A Namaona anatsokomola, anapisa m'thumba, n'kuwapatsa a Zuze fodya. Abambo anathyola nthambi ya bulugamu, ndipo ine ndinadziwa kuti yanga yakwana. Koma a Zuze anagwira dzanja la abambo.

“Musamumenye, a Kapitawo. Ndodo si ndiyo ikonze ichi.”

Anandionetsa pepalalo. Thukuta la m'manja mwanga linali litafufuta pensulo, ndipo popinda paja panang'ambika. Mayina ena awiri sankawerengeka.

“Mwanaka,” anatero, kutanthauza mwana wanga, “uli ndi kope ya kusukulu? Ulembanso zonsezi, ine ndikutchulira.”

Tinakhala kuseri kwa khitchini masiku atatu, ndikangoweruka kusukulu. Dzina lililonse ankandiuza mwini wake: uyu ankaumba mbiya, uyu anali ndi chibwibwi, uyu ankaopa agalu. Tsamba loyamba analikana chifukwa ndinalakwitsa mayina atatu. “Ukalemba molakwa, ndikafunsa munthu wina amene kulibe,” anatero. Tsamba lokanidwalo ndili nalo mpaka lero, m'sutikesi yachitsulo.

Pa mayina awiri ofufutika aja, limodzi analikumbukira tsiku lachiwiri. Linalo linakanika. Ankadziwa kuti linali la kamtsikana ka m'nyumba ya kumapeto kwa mudzi, kamene makolo ake onse anali ndi mitanda. Nkhope yake ankaiona, koma dzina linachoka. Anatseka maso, anayesa mayina osiyanasiyana chapansipansi, anapukusa mutu. Potsiriza anati, “Siya mzere wopanda kanthu. Mwina lidzabwera.” Anakhala nafe zaka zina ziwiri asanabwerere kwawo kukafuna akazi awo ndi mwana, ndipo tsiku limene ankanyamuka mzerewo unali chikhalire.

Kuyambira pamenepo sinditaya pepala. Makalata, masatifiketi, mapologalamu a maliro, nkhani za m'nyuzipepala za nkhondo za maiko akutali, zonse ndimasunga m'maenvulopu olembedwa bwino, ndipo ana anga amati ndidzafera pansi pa mulu wa mapepala. Anene zimenezo. Makanema akale a zinsinsi aja ndimawakondabe kuposa amakonowa, amene munthu asanapereke n'komwe moni galimoto zitatu zaphulika kale. Akalewo ankakuonetsa munthu akulemba, n'kukubisira zolembazo, kuti uthamangire kumuweruza, kenako uchite manyazi wekha uli pampando. Manyazi amenewo ndi aphindu. Chimene chimandipsetsa mtima ndi cha masiku ano: uthenga ukangolowa pafoni wonena kuti anthu a mtundu wakuti ndiwo abweretsa mavuto m'dziko lakuti, munthu wamkulu ndi ndevu zake wautumiza kale kwa ena makumi asanu asanaumalize n'komwe kuuwerenga. Ndikafunsa kuti wanena ndani, ndipo iwe waona chiyani, amati agogo mwayamba.

Ndimathokoza abambo anga chifukwa cha funso limodzi lija, limene linapulumutsa munthu. Koma a Zuze ndimawathokoza koposa. Akanalola kuti ndikwapulidwe, ndikanalira, mawa lake n'kumadziona ngati ndalipira. M'malo mwake anandikhazika pambali pawo kuti ndione ndekha chimene ndinawononga. Ndili mwana ndinkaganiza kuti nkhaniyo inatha bwino, popeza a Zuze sanaolotsedwe malire, anapeza mlamu wawo, ndipo anandikhululukira. Ndakalamba tsopano, ndipo ndikuona kuti kukhululukidwako sikunabweze chilichonse chimene ndinafufuta. Panali mwana mmodzi amene padziko lonse ankamufunafuna ndi munthu mmodzi yekha, ndipo kuyambira Lolemba lija munthuyo ankafika pamsika wa Limbuli alibe dzina loti afunse.