Limba la ku Oldeweer Lidwala Chisanu

Lamulungu loyamba la Disembala 1902, akulu a mpingo wa Oldeweer, kumpoto kwa Holland, analengeza mwaulemu wonse kuti limba la m'tchalitchi likudwala, ndipo kuti akhazikitsa komiti yoganizira zoligulira mbaula.

Wubbo Haverkamp anamva zimenezi ali kuseri kwa limbalo, kumene anakalambira akuponda mvukuto. Nyimbo sankadziwa ndi imodzi yomwe, iye yake inali mphepo basi. Koma akulu anali atanong'onezana kale kuti limbali likafa adzagula laling'ono, lija woliza amapopa yekha, ndipo mapazi a Wubbo sadzafunikanso.

Matendawo anawatulukira ndi Dokotala Terpstra wa kuyunivesite, amene ankafufuza mmene zitsulo zimasinthira zikatenthedwa, zikazizidwa kapena zikasakanizidwa. Atakanda chotupa pa umodzi mwa mipope yotulutsa mawu ya limbalo, panayoyoka fumbi lotuwa.

"Chitsulo ichi ndi tini, bambo," anatero dokotalayo. "Chikazizidwa nthawi yaitali chimasanduka fumbi, ndipo mpope wodwala umapatsira unzake. Akanathiramo mtovu pang'ono, bwenzi zili bwino. Koma makolo anu ankafuna tini weniweni, wosasakaniza."

"Ndiye tikufera matama a makolo," anatero Wubbo. "Nanga mankhwala ake?"

"Kufunda basi."

Wubbo ankawadziwa makomiti, choncho sanadikire. Anabwereka timbaula tamakala tija amayi amaikapo mapazi nthawi ya ulaliki, n'kutindandalika pansi pa limba. Mipope yodwalitsa anaikulunga.

"Inu abambo, bulangete langa lili kuti?" anafunsa mkazi wake Jantien.

"Lili kwa wodwala."

"Ha! Ine chikwatiranireni ndakhala ndikukhosomola, munandifunditsapo? Bwanji osangokakwatira mpopewo?"

"Mpope sulongolola, mayi."

"Suphikanso. Lero mukadye komweko."

Komiti itaona timbaulato inakumana msangamsanga, chinthu chimene sichinachitikepo. Inagamula kuti moto wopanda chilolezo ndi woopsa m'nyumba ya Mulungu, ndipo inalamula kuti tichotsedwe. Inathokoza m'bale Haverkamp chifukwa cha changu chake, n'kumutsimikizira kuti limba lidzafunda chisanu chisanathe ndipo mvukuto udzakhala wake mpaka mawondo adzakane okha. Bulangete analisiya, poti palibe lamulo lokhudza mabulangete.

Mbaula inafikadi mu Epulo, chisanu chitatha. Anaiika m'chipinda cha misonkhano ya akulu. Pangolo yomwe inabweretsa mbaulayo panalinso limba laling'ono.