Dzenje la a Manesi

Langton Chimbalanga anabadwira kuseri kwa phiri, kufupi ndi Kasakula, ndipo anakula ngati tonsefe, zidendene zili zong'aluka m'chilimwe. Chaka china fodya wake anachita bwino. Anagula njinga yamoto, anafolera nyumba ndi malata, ndipo moni wake unafupika. Akuluakulu ankati wayamba kudzitukumula. Amayi pachitsime ankati ndi matama. Anyamata ankangoti, "Akudzimva."

Kwathu kuno maliro akagwa, mwamuna aliyense amanyamula khasu kukathandiza adzukulu, okumba manda. Langton ankatumiza waganyu wake.

"Manja awa ndi osankhira fodya," ankatero.

Anthu ankangomuyang'ana.

Amayi ake, a Manesi, anamwalira mu Febuluwale, chimanga chikumasula ngayaye, mvula ili yosadukiza. M'mawa adzukulu anafika pakhomo, anatula makasu pansi, n'kukhala m'khonde mwa chigafa cha fodya. Mkulu wawo, a Gregorio, anamuitana Langton.

"Bwana, waganyu uja ali kuti lero?"

"Musandichedwetse. Nenani chimene mukufuna, ndikupatseni."

"Dothi la kumanda sitigulitsa. Gwadani, mupepese anzanuwa, tikayambe ntchito."

Mlongo wake, Priscilla, anatuluka m'siwa, nyumba imene munagonekedwa mtembo, maso ali psuu, n'kumugwira malaya.

"Achimwene, gwadani. Amayi sangadikire."

"Ine kugwadira amenewa?"

Anatola khasu n'kupita kumanda yekha. Nthaka ya m'phiri ndi yamiyala. Pofika madzulo dzenje linali lolekeza m'mawondo, lodzaza madzi ofiira. Mawa lake anakapa madziwo ndi chidebe n'kuyambanso kukumba, matuza akuphulika m'zikhatho. Kunyumba, amayi oimba anayamba kufukiza masamba a bulugamu pafupi ndi mtembo. Kenako nyimbo zinasamukira panja, pamvula.

Atabwera kudzamwa madzi, Langton anaima pakhomo la siwa, ndipo fungo linamubweza. Anapita kuchigafa kuja, anagwada m'matope pamaso pa a Gregorio. Mawu ake opepesa sanamveke bwino, koma adzukulu anadzuka n'kutola makasu awo. Dzuwa lisanapendeke dzenje linali litatha.

Koma bokosi anali atalikhoma kale. Mwambo woona nkhope sunachitike. A Manesi, amene m'moyo wawo sanajombepo pamaliro a munthu, anatuluka m'mudzi mofulumira, owanyamula atamanga nsalu pamphuno, ana ena a malemuwo, ochokera ku Madisi, osawaona nkhope.

Langton akadalipo. Akulimabe fodya, ndipo amapereka moni kwa aliyense. Priscilla sanapondenso pakhomo pake.