Chikwama chimene tinachisiya pa benchi

Mayi Miriam, lero zitseko za sitima yapamtunda ya ku Fremantle kunja kuno zikutsekeka, mkono wanga unakumbuka zala zanu. Paja tsiku lija, ndikadali pantchito yokusamalirani ku Nedlands, ndinakukwezani m'sitima ndi njinga yanu ya olumala, kenako ndinaona kuti ndaiwala chikwama pa benchi ya pa siteshoni. Ndinangoti, "Tsogolani, ndikubwera." Munandigwira mpaka zikhadabo kulowa m'khungu. "Chisiye," munatero. "Mawu amenewo ndi omwe amayi anandiuza pondikweza sitima ya ana othawa, nthawi imene Ayuda tinkasakidwa ngati nyama. Anati abwera pa yotsatira. Ndakalamba ndikuyang'anabe pakhomo." Chikwamacho tinachisiyadi, ndipo simunandisiye mkono mpaka tinatsika.

Nkhondo yanu sindingaiyerekeze ndi mavuto anga, ine palibe akundisaka. Koma mukudziwa kuti nanenso ndinasiya mwana wanga Chisomo kwa achemwali ku Lilongwe, n'kumuuza kuti ndibwera kudzamutenga. Chitisiyireni inu, viza yake aikananso, ndipo abale akuti ndingomusiya poti akukula bwino komweko. Dzulo pafoni anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Amayi, mubwerabe?" Ndamva zonena za abale, koma ayi. Mawa ndikayambiranso mapepala, ndipo akakananso, wokwera ndege kubwerera kwa iye ndine. Amayi anu anawatsekera njira ndi mfuti, pamene ine chonditchinga ndi ofesi chabe. Usani mumtendere, Mayi Miriam. Wanga yekhayu sadzakalamba akuyang'ana pakhomo.